Ndinagula masipika kuti achinyamata abwerere kutchalitchi, zomwe zinandichitikira ku Mzuzu

Ndikulembera makamaka inu amene mwangosankhidwa kumene kutsogolera achinyamata mumpingo mwanu ndipo mutu wadzadza ndi mapulani oti musinthe zinthu mwachangu. Ine ndinadutsamo, ndalama zinapita, udindo anandilanda kwa kanthawi, pakhomo panga panavuta, ndipo pali munthu wina amene anavulala kuposa ine. Dzina la mpingo sinditchula, anthu ake ndimapemphera nawobe mpaka pano.

Kwathu ndi ku Dedza, ku Mzuzu ndinabwera ndi ntchito mu 2018 ndipo ndimakhala ku Chibavi. Mpingo wathu ndi umodzi mwa mipingo yakale ija, ya akulu ampingo, madikoni, makomiti ndi buku la nyimbo, mapemphero a m'mawa m'Chingerezi kenako a Chitumbuka, ife a Chichewa timangolowa poti tapeza malo. Chakumapeto kwa 2019 anandisankha kukhala tcheyamani wa achinyamata. M'kaundula mayina anali mbwee koma pamsonkhano nkhope zomwezomwezo zowerengeka. Nde tangoganizani, Mzuzu ndi tauni ya ana asukulu, yunivesite ya Mzuni ili pa Luwinga pompa, makoleji ena ali ponseponse, kalembera wa 2018 anapeza kuti theka la Amalawi sanakwane zaka 18, koma ukaima kutsogolo Lamulungu ukungoona imvi. Zinkandiwawa ndithu.

Sikuti anawo anasiya kupemphera ayi. Mnyamata yemweyo m'mawa ali kwathu chifukwa cha mayi ake, masana ali ku felosipu m'kalasi ya pa pulayimale ina, usiku akuonera mlaliki wa ku Nigeria pa YouTube, pa status waikanso mawu a munthu amene sakhulupirira n'komwe zoti kuli Mulungu. Atola apa, atola apo, n'kupanga chikhulupiriro chakechake, ukamufunsa akuti "akulu, aliyense ali ndi choonadi chake, bola mtima." Zoti abusa anena kwa iwowa sizikwanira ngati mmene zinkatikwanirira ife, amafuna adziwe kuti anena chifukwa chani, ndipo ulaliki uli mkati iwo atsegula foni kuona ngati vesilo likunenadi zimenezo. Ophunzira zaumulungu amati ndi nyengo ya postmodern, ine panthawiyo ndinkangoti ana aonongeka ndi mafoni.

Kenako kunabwera Covid. Mu Malichi 2020 boma linaletsa misonkhano yoposa anthu 100, sukulu zinatsekedwa, ma student onse anabwerera kwawo. Tinatsegula gulu la pa WhatsApp, abusa amajambula uthenga waufupi pa foni, mawu okha, ine n'kuponya pagulupo. Zinayenda bwino modabwitsa, anthu oti sindinawamvepo akuyankhula kutchalitchi anayamba kufunsa mafunso mpaka pakati pausiku, ena ku inbox. Ine ndinangoti basi, ana awa akufuna zamakono, ndipo maganizo amenewo ndi amene ndinayenda nawo zaka ziwiri zotsatira.

Zinthu zitayamba kubwerera m'chimake mu 2021 akuluakulu anabwerera m'mabenchi mwawo koma achinyamata ambiri osaoneka. Tsiku lina mnzanga wakuntchito ananditengera kumpingo kwawo, amapemphera mu holo ina m'tauni, eee kunali magetsi amitundumitundu, kiyibodi, ng'oma zachizungu, mawu a nyimbo akuoneka pakhoma, holo yodzadza ndi anthu a msinkhu womwe ndinkausowa, ena mwa iwo a mpingo wathu omwe, anandiona n'kuzolika. Ndinabwerako ndili ndi nsanje, ndinene zoona. Usiku womwewo ndinalemba pempho loti mpingo ugule zida ndi kutiloleza mapemphero a achinyamata Lamulungu masana.

Apa nde panayambira kudikira. Pempho limayamba lakambidwa ku komiti ya achinyamata, lipite kwa madikoni poti muli ndalama, kenako kwa akulu ampingo amene amakumana kamodzi pamwezi, ndipo kumeneko nkhani yanga inkapezeka kumapeto kwa ajenda, akafika pamenepo kwada, "tidzaione mwezi wamawa." Denga la tchalitchi linkadontha, nyumba ya abusa inkafunika kukonza, nde masipika anga ndani akanawaganizira. Pafupifupi chaka chinatha chonchi. Chomwe ndikanakonda wina akanandiuza ndi ichi: funsani kwa mlembi wa mpingo kuti bajeti ya chaka imapangidwa mwezi uti ndipo pempho lanu lifike nthawi imeneyo isanakwane, komanso pezani mkulu wampingo m'modzi amene mwamufotokozera kunyumba kwake mofatsa kuti akaiyankhulire nkhaniyo mkatimo, chifukwa inu simukhalamo mumsonkhanowo, pepala lokha siliyankhula.

Ine kudikira kunandikwana. Mu 2022 ndinawanyengerera mayi akunyumba kuti atenge K400,000 ku banki m'khonde ya amayi anzawo, chiwongola dzanja 20 peresenti pamwezi, ine n'kuphatikizapo K150,000 yomwe tinkasungira fizi ya mwana. Ndinawatsimikizira kuti achinyamata azisonkha, miyezi iwiri itatu tabweza. Mitengo ndinali nditafunsa kale m'mashopu, koma kumapeto kwa Meyi kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, pomwe ndalama zimafika m'manja mwanga mitengo ija inali itasintha yonse. Zatsopano zinakanika, ndinagula zogwiritsidwa kale ntchito kwa mkulu wina woimbitsa pamaukwati, masipika awiri, mikisa ndi maiki awiri, za projekita tinangoiwala. Anayatsa kanthawi kochepa pakhonde pake, zinalira bwino, ndinalipira pompo popanda risiti. Mikisayo inali ndi matenda ake, ikatentha imayamba kulira ngati njuchi mpaka wolalika osamveka. Mukamagula zida zotere tengani munthu wodziwa zamagetsi, ziyatseni ola lathunthu mokweza, ndipo mulemberane kapepala ngakhale ka m'kope.

Abusa anandiloleza pakamwa, anati "yesani tione." Ndinatenga mawu amenewo ngati chilolezo cha mpingo. Sanalembedwe paliponse.

Chinanso chomwe sindinawerengere ndi magetsi. Chaka chimenecho siteshoni yopanga magetsi ya Kapichira inali itaonongeka ndi namondwe Ana wa mu Januwale, magetsi ankazima nthawi yaitali dziko lonse, nde Lamulungu lililonse ndimabwereka jenereta K15,000, kuphatikiza petulo, ndipo chakumapeto kwa chaka petuloyo kuti umupeze umayenera kukagona pamzere. Bandulo ya Facebook live inalinso pa ine. Za zosonkha ndinapereka nambala yanga ya foni kuti anthu azingotumiza, ndinkaona ngati ndafewetsa zinthu.

Lamulungu loyamba kunadzadza. Anthu anabwera pa kabaza kuchokera ku Chiputula, ku Zolozolo, ku Katawa, ena wapansi kuchokera ku Luwinga, buku la nyimbo tinaliika pambali n'kuimba makorasi a Chingerezi okhaokha, ine kumbuyo mtima uli dyokodyoko kuti nazitu, ndinkanena ine. Koma masabata akupita anthu anayamba kuchepa, mpaka tinatsala nkhope zakale zija ndi ena ochepa. Pa live oonera amakhala ochepa zedi, msuweni wanga wa ku Johannesburg, mayi akunyumba, ndi ena ongodutsa. Mtsikana wina wa kwaya anandiuza mosabisa kuti "achimwene, ngati ndi za nyimbo, kutauni kuja amaimba bwino kuposa ife, nde munthu abwerere chani kuno?" Zinandipweteka koma ankanena zoona, mipingo ija yakhala ikuchita zimenezi kwa zaka, ili ndi oimba ake ndi zida za mamiliyoni, ife tinkangokopera ndi mikisa yodwala.

M'malo moti ndiime ndiganize, ndinaonjezera nthawi ya maumboni kuti mwina zikoka anthu. Foni ya live tinkaimangirira ndi malegeni pa mpando womwe tausanjika pa tebulo, yayang'ana kutsogolo, ndipo ikangoyatsidwa aliyense amaiiwala. Tsiku limenelo kunali kamvula kowaza kaja ka kuno, anthu ochepa, ndipo anaimirira mtsikana wina wa chaka chachiwiri ku koleji, wofatsa, wosayankhulayankhula. Anagwira maiki ndi manja awiri, anayamba bwinobwino kuthokoza Mulungu, kenako mawu anasintha, anayamba kulira n'kunena za bambo ake, mowa, mmene amamenyera mayi ake, ndi zoti iye anaganizapo zodzipha. Tonse tinakhudzidwa, tinamuzungulira kumupempherera. Ine ndinali pa mikisa kulimbana ndi phokoso lija, maso anga anadutsa pa foni ija, kachizindikiro kofiira kakuonetsa kuti tili live, ndinakaona ndithu koma mutu sunagwire kuti ndithamange ndikazimitse.

Usiku ndinaichotsa vidiyoyo pa Facebook koma wina anali ataidula kale. Inazungulira m'magulu a WhatsApp, inafika kusukulu kwake, inafika kumudzi kwawo. Lachiwiri bambo ake anali pakhomo pa abusa. Mtsikanayo anatseka foni, m'kalasi anasiya kulowa kwa kanthawi.

Chonde, inu amene mumajambula mapemphero: kamera iziyang'ana wolalika ndi kwaya basi, nthawi ya maumboni ndi yopempherera anthu muzizimitsa, ndipo muzilengeza poyamba kuti tikujambula kuti amene sakufuna akhale mbali ina. Ana aang'ono osawaonetsa popanda makolo kudziwa. Pakhale munthu m'modzi amene ntchito yake ndi foni yokhayo, osati yemweyo ali pa mikisa, yemweyo akuthamangira jenereta.

Akulu ampingo anandiitana. Ulendo uno nkhani yanga inali yoyamba pa ajenda kkkk, ndikuseka pano koma tsikulo miyendo inkanjenjemera. Nkhani zinali zitatu, vidiyo, ndalama, ndi zida. Msungichuma anandifunsa mofatsa, "bambo tcheyamani, ndalama za mpingo zinayamba liti kulowa mu foni ya munthu?" Ndinalibe buku lililonse, mauthenga ena a ndalama ndinali nditafufuta foni itadzadza, ndipo nambala yomweyo ndi yomwe ndinkalandirira za ine mwini, nde kusiyanitsa kunali kovuta. Zonse zomwe achinyamata anasonkha sizinafike ndi K70,000 yomwe, ine ndinali nditaononga kuposa pamenepo pa jenereta yokha, koma popanda cholembedwa ukanena zimenezo umangooneka ngati ukudziteteza. Wina anafunsa kuti zidazo ndi za mpingo kapena zanga, ngati ndi za mpingo anavomereza ndani kugula, ngati ndi zanga bwanji ndikusonkhetsa akhristu. Ndinasowa choyankha. Abusa anavomera kuti anati tiyese, koma mu maminitsi munalibe. Mapemphero a masana anaimitsidwa, ine anandipumitsa paudindo.

Ndinakwiya kwambiri, ndinkaona ngati ndine ndekha wofunira mpingo zabwino, ndinaganizapo zongosamukira ku mpingo wa mu holo uja. Koma kunyumba kunali moto wina. Mwezi ndi mwezi tinkangokwanitsa chiwongola dzanja cha K80,000, ngongole yeniyeni ili chiimire, ndipo banki m'khonde imagawana mu Disembala, nde Novembala itafika amayi aja anabwera gulu n'kukhala pakhonde pathu osayankhula zambiri, anthu oyandikana nawo akusuzumira. Mayi akunyumba analira, dzina linali lawo, manyazi anali awo, ine ndinali kuntchito. Masipika ndinagulitsa K180,000 onse awiri, mikisa palibe anaifuna, firiji inapita, ndinatenganso advansi kuntchito. Pa ngongole ya K400,000 tinabweza ndalama zopitirira K800,000, mwana anayamba teremu mochedwa. Ntchito ya mpingo musamaitengere ngongole ya pakhomo, mpingo ukakana kapena ukachedwa ndiye kuti chinthucho chidikire, ndipo ngongole ya pamwezi ngati imeneyi ndi ya geni yoti ndalama ikuzungulira, osati zida zongokhala.

Kumayambiriro kwa 2023 mkulu wina wampingo, mphunzitsi wopuma wa kwawo cha ku Embangweni, anatuma mdzukulu wake kuti ndikawapeze kwawo ku Mchengautuwa. Pamsonkhano uja iwowa sanayankhule kanthu, nde ndinkayembekezera kukalipiridwa kwapadera. Ndinawapeza avala jekete ndi chipewa cha ulusi, anandipatsa tiyi ndi chinangwa chophika, n'kuyamba kundifunsa za ku Dedza ngati palibe nkhani. Kenako anati, "adada, mukuganiza kuti achinyamata ayamba lero kuthawa mpingo?" Anandifotokozera za Elliot Kamwana, amene anaphunzira ku mishoni ya Livingstonia, mu 1908 ndi 1909 anabatiza anthu zikwizikwi cha ku Nkhata Bay, ambiri mwa iwo otopa ndi kudikira zaka m'makalasi a mishoni asanabatizidwe. Anandiuzanso za mmishonale Donald Fraser ku Loudon, Embangweni yomweyo, mmene ankalimbikitsira Angoni kupeka nyimbo za Mulungu m'maimbidwe akwawo mpaka kuchititsa mipikisano, anthu ngati Mawelera Tembo ndi Peter Thole n'kupeka nyimbo zomwe zikuimbidwa mpaka lero. "Nyimbo zina mwa zomwe munaziika pambali kuti ndi zachikale," anatero, "anapeka ndi anyamata ngati inu, ndipo analiponso ena oziona zachilendo."

Ndinayamba kumva bwino, ndikuona ngati ali mbali yanga. Nde anandifunsa kuti pa mapulani onsewa ndinakhalapo pansi ndi anawo kuwafunsa chomwe chikuwachotsa? Ndinati ndinaona ndi maso ku holo kuja. Anati kuona ndi kufunsa ndi zinthu ziwiri. Anandikumbutsa za gulu la WhatsApp la nthawi ya Covid lija, mdzukulu wawo anali momwemo, anati mwanayo ankadikira usiku kuti afunse abusa zinthu zomwe sakanaimirira nazo m'tchalitchi, ndipo gulu litazilala anasowa kofunsa. Ine nthawi yonseyi ndinkayamikira foni.

Koma anati zonsezo zidikire, choyamba ndi kwa mtsikana uja. Tinapita limodzi, iwo kutsogolo ine pambuyo, kukapepesa kwa iye ndi kwa makolo ake. Sizinali zophweka, bambo ake anayankhula mawu olasa, mayi ake anangoti zii, mwini wake anangoti "ndamva." Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndikanapita ndekha sindikudziwa kuti zikanatha bwanji.

Mkuluyu ndi amene anakaiyankhulira nkhani yatsopano kwa akulu anzake, ndipo ulendo uno inalembedwa mu maminitsi, iye n'kukhala woyang'anira. Ndi kukumana Lachinayi madzulo m'kalasi ya Sande sukulu, kuyamba 5 koloko kutha isanakwane 7 chifukwa cha mdima ndi ndalama ya kabaza, opanda sipika, opanda kujambula, mafoni m'thumba. Pakhomo timaika katoni ya sopo yoboola pamwamba, aliyense amalemba funso pa kapepala osalemba dzina n'kuponyamo. Pamakhala abusa kapena mkulu wampingo m'modzi, mayi m'modzi wachikulire, ndi tiyi. Ndalama yake ndi ya shuga, masamba ndi mandasi basi, ndipo mu Juni ndi Julayi kuno kukazizira tiyi ameneyo amagwira ntchito yaikulu, musamuderere.

Mafunso omwe anatuluka mu katoni muja anandichititsa manyazi kuti ndinkaganiza za magetsi amitundu. Wina analemba kuti ngati amishoni a Livingstonia anafika mu 1875, agogo athu amene anamwalira asanamve ali kuti, ndipo bwanji tinasiya zathu n'kutenga za azungu. Wina anati mnzake wogona naye chipinda ndi Msilamu, amapemphera kuposa iye, sanama, saba, nde akalangidwa? Kubetcha mpira ndi tchimo ngakhale ukupereka chakhumi pa zomwe wawina? Mafuta ndi madzi a aneneri timwe kapena ayi, nanga bwanji kwathu kuno sitimva zozizwitsa? Ndinamaliza digiri kalekale ndikungokhala kwa achemwali, ndimasala kudya, Mulungu ali kuti? Ndipo lina limabwera mobwerezabwereza m'malembedwe osiyanasiyana, loti bwanji mtsikana akatenga mimba amaimitsidwa mpingo wonse n'kudziwa, koma mnyamata wake akuimbabe kwaya.

Tsiku lomwe zinthu zinatembenuka ndi pomwe abusa anawerenga funso la agogo lija, anakhala kaye chete, anatsegula Aroma 2 n'kufotokoza pang'ono za chikumbumtima, kenako anati "ana anga, apa ndafika pomwe ndikudziwa, zinazo ndikawerenge, tidzapitirize sabata yamawa." Anawo anayang'anana. Mnyamata wina wovuta kwambiri, wa mafunso a pa YouTube uja, anandiuza potuluka kuti sanamvepo m'busa akunena choncho. Sabata yotsatira anabwera ndi anzake awiri, ndipo abusa anabweradi atawerenga.

Ena amaopa kuti ukatsegula khomo la mafunso ndiye kuti uyamba kusungunula chiphunzitso kuti anthu asangalale. Zomwe ndaona ine ndi zosiyana. Pa za kubetcha abusa anakana poyera, anapereka zifukwa, anawerengera limodzi ndi anyamatawo ndalama zomwe amataya pamwezi, ena sanagwirizane nazo, anatsutsa mpaka nthawi kutha, koma Lachinayi linalo anabweranso. Tsiku lina tinaitana mlendo amene funso lililonse ankangoti zonse ndi zabwino bola chikondi, anawo anatopa naye msanga, wina anachita kunena kuti ngati zili choncho tikuvutikiranji kubwera. Amene amakuuza kuti aliyense ali ndi choonadi chake yemweyo amafuna umuuze chomwe iwe ukukhulupirira ndi chifukwa chake, ndipo umulole akutsutse osamutcha wogwidwa ndi ziwanda.

Zovuta zilipo, ndikuchenjezeni. Pamakhala anyamata awiri atatu okonda mtsutso amene angathe kudya nthawi yonse, atsikana n'kungokhala chete, nde woyendetsa azidula ndi kupatsa ena mpata. Musalole kuti isanduke bwalo lonyoza mipingo ina kapena Asilamu, ambiri mwa anawa ali ndi abale kumeneko ndipo ena amapita konsekonse. Mkulu wampingo wobwera kudzakhala nawo mumusankhe bwino, tinaitanapo wina amene anayamba kufufuza kuti walemba funso la chibwenzi ndani poyang'ana kalembedwe, sabata yotsatira katoni inali yopanda kanthu ndipo zinatenga nthawi kuti anthu ayambenso kuponya. Komanso konzekeranitu za kapepala koopsa. Ife tinapezamo kena kolembedwa kuti ndatopa ndi moyo ndikufuna kufa, kopanda dzina, tonse tinazizidwa. Mayi wachikulire uja anayankhula bwino kwambiri kwa gulu lonse, ananena kuti iye atsalira pambuyo kutsuka makapu ndipo aliyense atha kumuthandiza, tinanenanso kuti kuno ku Mzuzu a St John of God amathandiza pa za maganizo ndipo kupita kumeneko si kusowa chikhulupiriro. Mwini kapepalako anatsaliradi kutsuka makapu, ndipo anamuperekeza kukalandira thandizo. Dziwani komwe mungatumize munthu musanayambe n'komwe.

Za intaneti sitinazitaye. Gulu la WhatsApp linadzukanso, ma admin awiri, mauthenga a mawu okha chifukwa vidiyo imadya bandulo ndipo ambiri saitsegula, zotsatsa malonda ndi ma forward a maulosi timachotsa. Zopereka za pa foni zilipo koma nambala ndi ya mpingo, ili m'manja mwa msungichuma, ndipo lipoti limawerengedwa. Nyimbo za m'buku zija achinyamata anazitenga okha n'kuziika pa kiyibodi ya mpingo yakale ija, kuzithamangitsa pang'ono, tsiku lomwe anaimba Lamulungu m'mawa agogo ena anaimirira n'kuyamba kuvina, palibe anadandaula. Za mathalauza a atsikana nde sitinagwirizanebe, Lachinayi amavala, Lamulungu amamanga chitenje pamwamba akafika pageti, aliyense akudziwa ndipo aliyense akukhala ngati sakuona.

Mnyamata wa YouTube uja ankanena motsindika kuti iye safuna kulembedwa mumpingo uliwonse, tchalitchi chake ndi foni. Mayi ake atamwalira kuchipatala amayi a mpingo anakagona pa siwa, anaphika, madikoni anayendetsa mbale ya thiransipoti yonyamula maliro mpaka ku Karonga, anzake a Lachinayi anakwera nawo lole. Musaganize kuti anabwerako n'kulowa kalasi ya ubatizo, mpaka pano sanalembetse ndipo amatsutsabe abusa, koma pa maliro aliwonse a mumpingo mumupeza akuwaza nkhuni.

Udindo anandibwezera mu 2024, pano ndinasiyira ena, ndimangothandiza kunyamula katoni ndi fulasiki. Anthu a Lachinayi si ochuluka ngati a mu holo muja, amakwana m'kalasi imodzi, nthawi ya mayeso ndi ya holide amachepa kwambiri. Akulu ena amafunsabe kuti phindu lake n'chani poti ena mwa anawo Lamulungu saoneka ndipo chopereka sichinakwere, ndipo funso limenelo silinayankhidwe mokhutiritsa aliyense. Nkhani ya atsikana oimitsidwa okha ija inafika kwa akulu ampingo kuchokera mu katoni momwemo, ikukambidwa, ikumasunthidwira mwezi wamawa ngati mmene inkachitira ya masipika anga.

Mtsikana wa vidiyo uja anamaliza sukulu, akugwira ntchito ku Lilongwe. Tikakumana amandipatsa moni mwaulemu, koma kumpingo kwathu sanapondekonso, ndipo ndinamva kuti kavidiyo kaja anthu ena akadali nako m'mafoni.